Kulemba Nyengo ya Mitengo ya Pakhomo

Kuti muone mmene nyengo ya mitengo ikusinthira chaka ndi chaka, kope la sukulu ndi bolopeni zikwanira. Sankhani mitengo yomwe mumaiona tsiku lililonse. Ine ndinasankha mango wakuseri kwa khitchini ndi msangu wakumunda. Lembani tsiku lenileni lomwe mango wayamba maluwa, osati mwezi wokha. Mango amadalira kazizira ka Juni ndi Julayi, ndiye chisanu chikachepa maluwa amasokonekera, koma nthawi zina kusiyana kwake ndi masiku ochepa omwe mutu sungasunge. Msangu ngwamakani, umayoyola masamba mvula ikayamba, choncho lembaninso tsiku la mvula yoyamba. Mtengo musausinthe pakati panjira.

Ku Kyoto, ku Japan, anthu akhala akulemba za maluwa a mitengo yotchedwa cherry kwa zaka zoposa 1,000. Mu 2021 maluwawo anafika pachimake pa 26 Malichi, msanga kuposa kale lonse. Kope langa langofika chaka chachinayi.