Mmene mungalangizire munthu zida za kompyuta osapyola ndalama imene wanena

Munthu akati, "Achimwene, ndili ndi K6,000, ndigule kompyuta yanji?" wakupatsani kale theka la yankho (ndalama zonse pano ndi kwacha ya Zambia). Vuto la ife odziwa zida ndi lakuti khutu limamva K6,000 koma mtima umathamangira ku makina amene timasirira eni akefe, kenaka pakamwa n'kutuluka mawu aja akuti "ungowonjezerako pang'ono." Pang'onoyo kawirikawiri ndi ya feteleza kapena ya lendi. Munthu amene wagulitsa soya ku Katete, kapena amene chilimba chamugwera mwezi uno, nambalayo wayitchula atawerengera kale zonse zapakhomo. Mukamupatsa mndandanda wa K8,500 simunamuthandize: abwerera chimanjamanja, kapena akakongola, kapena akagula china chilichonse chimene wogulitsa angamukankhire.

Yambani ndi nambalayo

Musanatchule chida chilichonse, funsani zinthu zitatu. Choyamba, ngati ndalamayo ndi malire enieni kapena pali kampata. Funsani kamodzi kokha, ndipo akati ndi yomweyo, nkhani yatha. Chachiwiri, ngati ndi ya bokosi lokha la kompyuta kapena mulinso monitor, kiyibodi, mouse ndi zingwe. Anthu ambiri akamati "kompyuta" amatanthauza chinthu choti afike nacho kunyumba n'kuyatsa, pamene ife timaganiza za bokosi lokha, ndipo kusamvana kumayambira pamenepa. Chachitatu, ngati ndalamayo ili m'manja. Ina imakhala ikudikira malipiro a chimanga, ina analonjeza ndi amalume a ku Lusaka. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Werengerani imene ilipo lero.

Kenako mufunse ntchito yake, ndipo atchule mapulogalamu ndi mayina. "Ya sukulu" sikukwana. Wophunzira za uphunzitsi amafuna Word, PowerPoint ndi Zoom, pamene wa zomangamanga amafuna AutoCAD, ndipo makina awo ndi osiyana. Wotsegula kashopu kotaipa makalata ndi kusindikiza pafupi ndi msika wa Kapata, ndalama yake yambiri iyenera kupita ku printer, kompyuta ingokhala yodalirika. Wokonza mavidiyo a maukwati ndi zinkhoswe ndiye amafunadi mphamvu. Mufunsenso zimene ali nazo kale. TV yokhala ndi bowo la HDMI imagwira ntchito ya monitor kwa miyezi ingapo, ndipo laputopu yakale imene "inafa" nthawi zina imangofuna SSD, chosungira mafayilo chothamanga kuposa hard disk.

Chotsani kaye zimene si kompyuta

Apa mpamene mindandanda yambiri imagwera. Mtengo wolembedwa pa chida si mtengo wofika nacho ku Chipata. Katundu wochokera ku Lusaka amayenda makilomita oposa 550 pa Great East Road, ndipo basi imalipiritsa. Kutumiza ndalama ndi kutapa pa Airtel Money kapena MTN kumadya yake. Funsani wogulitsa ngati mtengo wake ukuphatikiza VAT, imene ku Zambia ndi 16 peresenti, chifukwa ena amaitchula pa risiti pokha. Lilongwe ili pafupi kuposa Lusaka, n'zoona, koma wogula kumeneko awerengere kusintha ndalama, zimene bungwe la misonkho la ZRA lingafune pa malire a Mwami, ndiponso kuti chida chikafa adzawolokanso malire kukachibweza.

Patulaninso gawo limodzi mwa magawo khumi, musalikhudze. Pa K6,000 ndiye kuti K600 ikhale pambali, mugwire ntchito ndi K5,400. Ndalama imeneyi imatha ndithu: monitor imapezeka kuti ndi ya bowo la VGA pamene kompyuta ili ndi bowo la DisplayPort lokha, pakufunika adaputa, bokosi lilibe Wi-Fi, pakufunika kachida ka USB, mtengo wakwera pakati pa Lolemba ndi Lachisanu chifukwa zida zimenezi zimatsata dola.

Malaiti nawo ndi mbali ya bajeti. Amene anaona kuzima kwa 2024, madzi atachepa ku Kariba, safunika kuuzidwa. Zina mwa zimene zimapha makina ndi kubwera kwa malaiti mwadzidzidzi atazima, komanso ziphaliwali za nyengo ya mvula. Kompyuta ya patebulo ikhale ndi UPS (batire yoigwiririza malaiti akazima), zikavuta ikhale ndi surge protector yeniyeni yoiteteza ku magetsi obwera mwamphamvu, osati adaputa wamba ya mabowo anayi. Dziwani kuti UPS ya 650VA imanyamula pafupifupi 360W basi, ndipo imakupatsani mphindi zochepa zosungira ntchito ndi kuzimitsa bwino, si jenereta. Ngati munthuyo amakhala kumene malaiti ndi osadalirika, kapena amadalira sola, mulangizeni laputopu. Chaja yake imakoka 45W mpaka 65W ndipo batire ili kale m'kati, ndiye ndalama ya UPS ndi monitor yapulumuka.

Ndalama yotsala ipite kuti

Pa ntchito za muofesi ndi za sukulu, dongosolo ndi ili: SSD poyamba, RAM (pamene kompyuta imaika zimene ikugwira pa nthawiyo) kachiwiri, processor (ubongo wa kompyuta) pomaliza. Ambiri amayamba ndi processor chifukwa ndi imene ili ndi dzina lomveka, koma kompyuta yochedwa kuyaka ndi kutsegula mafayilo vuto lake limakhala hard disk. SSD ya SATA imawerenga pafupifupi 500MB pa sekondi, hard disk wamba 100MB mpaka 150MB, ndipo pa timafayilo ting'onoting'ono kusiyana kwake kumaposa pamenepo. SSD ya 256GB imakwana pa Windows ndi mapulogalamu; 512GB ngati ndalama yalola. RAM ikhale 8GB. Ya 4GB imayatsa Windows 11, inde, koma mukatsegula Chrome ndi Word pamodzi imayamba kupuma mwabefu. Wa mavidiyo ayambire pa 16GB.

Bajeti ikakhala yaing'ono, musaope kulangiza makina ogwiritsidwapo kale ntchito m'maofesi, monga Dell OptiPlex, HP EliteDesk kapena Lenovo ThinkCentre. Ndi olimba ndipo zida zake zimapezeka. Chofunika ndi kuwerenga nambala yonse ya processor, osati "i5" kapena "i7" yokha. Manambala oyamba pambuyo pa kamzere ndiwo amanena m'badwo wake. Core i7-3770 ndi ya m'badwo wachitatu, ya 2012, ndipo imagonja kwa Core i3-12100 ya 2022. Wogulitsa akamafuula kuti "iyi ndi i7, bwana," mufunseni kuti i7 yanji.

Pali mzere umodzi wofunika kuusamala. Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 pa 14 October 2025, ndipo Windows 11 imafuna kachida ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0, ndipo processor ikakhala ya Intel iyenera kuyambira m'badwo wachisanu ndi chitatu. Choncho i5-8500 imalowa, i5-7500 siilowa. Ngati ndalama ikufika pa m'badwo wachisanu ndi chitatu, lowani pamenepo ngakhale zitatanthauza SSD yaing'ono. Ngati siikufika, muuzeni munthuyo chilungamo chake ndipo muganizire zomuikira Linux Mint m'malo mwa Windows, imene ndi yaulere ndipo imayenda bwino pa makina akale, bola mapulogalamu amene watchula akhale oti amagwira kumeneko.

Zida zimene sizigwirizana zimadya bajeti kawiri

Chida chotsika mtengo chimene sichilowa ndi chodula kuposa zonse. Musanalembe chilichonse, tsimikizani izi.

RAM ya DDR3, DDR4 ndi DDR5 siisinthana. Kampata ka pansi pake kali pamalo osiyana, ndipo woikakamiza amathyola malo olowetsera. Ya laputopu ndi yaifupi, siilowa mu desktop wamba. Malaputopu ena RAM yake inawotchereredwa pa motherboard (bolodi lalikulu limene zida zonse zimalumikizidwapo), moti simungawonjezere. Pa Windows tsegulani Task Manager, mupite pa Performance kenako Memory, muona malo angati agwiritsidwa ntchito.

Processor ndi motherboard zikhale za socket imodzi, socket kukhala malo okhazikapo processor. Pa ma socket a kampani ya AMD, AM4 imayenda ndi DDR4, AM5 imafuna DDR5 yokha, kutanthauza kuti kukwera kuchoka pa AM4 kupita pa AM5 ndi kugula zinthu zitatu (processor, motherboard ndi RAM), osati chimodzi. Socket ya Intel ya LGA1700 ili ndi ma motherboard a DDR4 ndi ena a DDR5, ndiye onani pa katoni ya motherboard. Msampha wakale ndi socket ya Intel ya LGA1151: processor ya m'badwo wachisanu ndi chitatu imaoneka ngati ikhala bwino pa motherboard ya m'badwo wachisanu ndi chimodzi, koma siyaka. Winanso ndi motherboard ya B450 imene ili ndi BIOS yakale (BIOS ndi pulogalamu ya pa motherboard yoyatsa makina). Processor ya AMD ya Ryzen 5000 siiyaka mpaka BIOS itasinthidwa, ndipo pa ma motherboard ambiri kusinthako kumafuna processor yakale yobwereka. Uzani wogulitsa achite zimenezo katundu asanakwere basi.

Onaninso chilembo chakumapeto. Intel yothera ndi F, monga i5-12400F, ilibe mbali yotulutsa chithunzi. Ryzen 5 5600 nayonso ilibe, pamene 5600G ili nayo. Munthu akagula ya F chifukwa yatsika mtengo pang'ono, amapeza monitor ili bii, n'kufunikanso graphics card, chida chapadera chotulutsa chithunzi, imene sinali m'bajeti. Pa makina odalira chithunzi cha m'processor ngati 5600G, gulani RAM ziwiri za 8GB m'malo mwa imodzi ya 16GB, chifukwa ziwiri zimagwira ntchito limodzi ndipo masewera amathamanga bwino koposa.

Graphics card ndi ya amasewera ndi okonza mavidiyo olemera. Wotaipa makalata musamulembere. Ndipo samalani ndi nzeru yofala yakuti "gula OptiPlex yotsika mtengo, uikemo card." Mabokosi opyapyala aja amalandira card yaifupi yokha, power supply yake (chida chogawa magetsi ku zida zonse) kawirikawiri ndi 180W mpaka 260W, ilibe chingwe cha mapini 6, ndipo pa ambiri mapulagi ake ndi a kampaniyo yokha moti simungangoikamo ina ya m'shopu. Malo olowetsera card amapereka 75W basi. Zimene zimatheka ndi card zazing'ono monga RX 6400 kapena GTX 1650 yaifupi yosafuna chingwe.

Pomanga makina atsopano, malo ochepetsa ndalama ndi bokosi, timagetsi tokongoletsa ndi mafani owonjezera. Power supply musaikhudze. Yopanda dzina yolembedwa 500W, yopepuka m'manja ngati chitini chopanda kanthu, siipereka mphamvu imeneyo, ndipo ikamafa imatha kupita ndi motherboard. Sankhani ya kampani yodziwika yokhala ndi chizindikiro cha 80 Plus. 450W mpaka 550W imakwana pa makina ambiri a bajeti yaing'ono.

Ndalama ikapanda kukwana

Nthawi zina ntchito imene munthu watchula siingatheke ndi ndalama imene ali nayo. Nenani mosabisa, mwaulemu, ndipo musayambe ndi kuseka. "Amayi, pa ndalama iyi mavidiyo a 4K sangayende. A 1080p atheka, koma potulutsa muzidikira." Kenako muikireni njira patebulo, asankhe mwini wake. Akhoza kuchepetsa ntchito. Akhoza kudikira miyezi iwiri. Kapena agule pang'onopang'ono, paja tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha: lero 5600G ndi RAM ya 8GB pa motherboard yokhala ndi malo otsala ndi power supply yabwino, chaka chamawa RAM ina, kenako card. Njira imeneyi imagwira pokhapokha makina a lerowo akuyaka ndi kugwira ntchito paokha. Kugula processor mu June kuti motherboard idzabwere mu December ndi kuwononga nthawi ya waranti chida chili m'kabati.

Ngati mukuonadi kuti kuwonjezera kungasinthe zinthu kwambiri, muli ndi ufulu wotchula, koma kamodzi, pambuyo popereka mndandanda wathunthu wokwana m'bajeti. Tchulani ndalama yeniyeni ndi chimene ikugula: "Mutawonjezera K400, SSD ikhala 512GB m'malo mwa 256GB; popanda zimenezo makinawa agwirabe ntchito yanu." Akakana, musabwerezenso. Ngati inuyo ndi amene mukugulitsa zidazo, kapena wogulitsayo amakupatsani kangachepe, nenani poyera.

Lembani, kenako yesani musanalipire

Mndandanda ulembedwe papepala kapena mu uthenga wa pafoni: dzina lonse la chida ndi nambala yake, chatsopano kapena chakale, mtengo wa tsikulo ndi deti, waranti ya miyezi ingati, ndipo pansi pake chiwonkhetso chophatikiza ya basi ndi zotumizira ndalama. "RAM 8GB" sikukwana, lembani "DDR4 8GB ya desktop." Munthu wopita yekha ku mashopu a Down Shops mu Chipata ndi pepala lotere savuta kukana akamuuza kuti "imeneyo yatha, tengani iyi."

Makina akale ayesedwe pamaso pa wogula. Lowani mu BIOS muone ngati mulibe password imene mwini wakale anasiya. Pulogalamu ya CrystalDiskInfo ionetse "Good" pa disk; ikati "Caution" musatenge. Pulogalamu yoyesa RAM ya MemTest86 idutse kamodzi popanda cholakwa. Pa laputopu lembani powercfg /batteryreport mu Command Prompt, muyerekeze mphamvu imene batire inabadwa nayo ndi imene yatsala. Ikatsika pansi pa theka, mtengo wa batire ina uchotsedwe pa mtengo wa laputopuyo. SSD kapena flash yotsika mtengo modabwitsa iyesedwe ndi pulogalamu ya H2testw, chifukwa zina zimalembedwa 1TB koma m'kati muli kochepa. Lowetsani flash m'mabowo onse a USB, limodzilimodzi. Pomaliza siyani vidiyo ikusewera mphindi 20 mukumvetsera fani. Ikamalira ngati chigayo m'shopu mozizira, kutentha kwa October ku Mambwe idzazima yokha, ndiye wogulitsa apukute fumbi ndi kupaka pa processor thermal paste yatsopano (phala lothandiza kuchotsa kutentha) ndalama isanatuluke m'thumba.