Kafunsidwe Koyenera Pogwiritsa Ntchito AI pa Kafukufuku wa Maphunziro

Chiyambire mu Novembala 2022, pamene kampani ya OpenAI inatulutsa ChatGPT, ophunzira ambiri a m'sukulu za ukachenjede kuno ku Mzuzu akhala akugwiritsa ntchito makina a AI, mapulogalamu a pakompyuta amene amayankha mafunso ngati munthu, pokonza kafukufuku wawo. Pa yunivesite ya Mzuzu (Mzuni) ku Luwinga ngakhale m'makoleji ena a mumzinda uno, si chachilendonso kuona munthu ali pansi pa mtengo, foni ili m'manja, akufunsa ChatGPT, Gemini, Claude kapena Copilot. Ine sindiletsa mchitidwewu. Chimene chimandidetsa nkhawa ndi kafunsidwe kake, chifukwa mawu amene mumalembera makinawa, omwe ambiri amangowatchula kuti prompt, ndiwo amachititsa kuti yankho likhale lothandiza kapena lopanda pake.

Tsiku lina wophunzira wina wa chaka chomaliza anandionetsa zimene analemba. Kafukufuku wake anali wofuna kudziwa chifukwa chimene mabanja a ku Chibavi ndi ku Mchengautuwa amaphikirabe makala ngakhale nyumba zina zili ndi magetsi. Funso limene anapatsa makina linali lakuti, "Ndiuzeni za makala ku Malawi." Yankho linabwera lalitali ndithu, lokamba za kutha kwa nkhalango ndi kusintha kwa nyengo, koma munalibe ndi chiganizo chimodzi chomwe chokhudza mayi wa ku Chibavi amene amagula kajumbo ka makala madzulo kuti aphikire nsima. Makinawo sanalakwe. Anachita ngati mwana amene mwamutuma kumsika kuti akagule ndiwo, osamuuza kuti ndiwo zanji, za ndalama zingati, komanso zodya anthu angati.

Tinakhala pansi n'kulembanso funsolo motere: "Ndine wophunzira wa digiri yoyamba ndipo ndikufufuza chifukwa chimene mabanja okhala ndi magetsi m'madera awiri a mumzinda wa Mzuzu amaphikirabe makala. Ndidzacheza ndi amene amaphika pakhomo. Ndikonzereni mafunso 12 osatsogolera munthu ku yankho, okhudza mtengo wogulira makala, kuzimazima kwa magetsi ndi chizolowezi cha kaphikidwe. Pa funso lililonse fotokozani mwachidule chimene likufuna kupeza. Musandipatse ziwerengero kapena maina a mabuku." Taonani zimene zalowamo. Wofunsa wadzitchula kuti ndi ndani, wanena malo ndi anthu amene adzacheze nawo, wapereka ntchito imodzi yokha, wanena maonekedwe a yankho limene akufuna, ndipo waika malire. Mafunso amene anatuluka anali oti munthu angapite nawo kwa aphunzitsi omuyang'anira mopanda manyazi, ngakhale kuti atatu tinawachotsa chifukwa ankaganizira za chitofu cha gasi ngati chinthu chopezeka m'nyumba iliyonse.

Yankho loyamba musalitenge ngati lomaliza. Auzeni makinawo pamene aphonya, monga kunena kuti funso lachisanu ndi lovuta kwa munthu amene sanapite patali ndi sukulu, kapena kuti afupikitse ndime. Ntchito yaikulu muziigawa. Kupempha mutu wonse wa kafukufuku pa funso limodzi kumabweretsa zinthu zapamwambamwamba, pamene kufunsa kagawo kamodzi nthawi imodzi kumakupatsani mpata wounika chilichonse. Njira ina imene ndimaikonda kwambiri ndi yowapatsa ndime imene mwalemba nokha n'kuwapempha kuti akutsutseni ngati mmene angachitire woyesa mayeso wokhwimitsa zinthu, ndi kukusonyezani pamene mfundo zanu zilibe umboni. Pamenepo nzeru zimakhalabe zanu, makina angokuthandizani kuzinola.

Tsopano ndifike pa nkhani imene yagwetsa anthu ambiri, ya mabuku ndi zolemba za akatswiri. Makinawa amapanga yankho polosera mawu oyenera kutsatana, malinga ndi zolembedwa zochuluka zimene anaphunzitsidwa nazo. Chifukwa cha kagwiridwe kotereka, amatha kupeka dzina la wolemba, mutu wa nkhani, chaka ndi tsamba, zonse zooneka bwinobwino koma kulibe. Mu 2023 khoti lina ku New York linalipitsa maloya chindapusa cha madola 5,000 atapereka milandu yopeka imene anaitenga ku ChatGPT osaifufuza. Ngati zinachitikira anthu odziwa malamulo, wophunzira amene watsala ndi masiku awiri kuti apereke ntchito yake ali pa chiopsezo chachikulu. Choncho m'malo mopempha mndandanda wa mabuku, pemphani mawu oti mukafufuzire pa Google Scholar, tsamba la pa intaneti lofufuzirapo zolemba za akatswiri, kapena ku laibulale, ndipo nkhani mukaipeza muiwerenge nokha. Mukafuna kuti makina akuthandizeni kumvetsa nkhani yovuta, apatseni nkhaniyo ndipo muwauze kuti ayankhe kuchokera m'menemo mokha, atchule ndime imene atengapo mfundo iliyonse, ndi kunena poyera ngati yankho mulibe. Ngakhale makina amene amafufuza okha pa intaneti amafunika kuwatsatira potsegula tsamba lililonse limene atchula. Safunsa anadya phula, koma wofunsa makina n'kungomeza osalawa amadyanso phula lomwelo.

Kumbukiraninso kuti zolembedwa za Chichewa ndi Chitumbuka n'zochepa pa intaneti poyerekeza ndi za Chingerezi, motero makinawa amafooka pa zilankhulo zathu. Akakumasulirani mafunso kupita m'Chitumbuka, musapite nawo ku Ekwendeni kapena ku Zolozolo musanawawerengere munthu amene anayamwira chilankhulocho. Mawu amodzi olakwika, makamaka pa nkhani za matenda kapena za m'banja, angathe kukhumudwitsa munthu wamkulu ndi kuononga zokambirana zonse.

Anthu amene amavomera kucheza nanu pa kafukufuku amakhala atakukhulupirirani, ndipo inu munalonjeza komiti yoona za kafukufuku kuti mudzasunga chinsinsi chawo. Zimene mwalemba m'makinawa zimapita ku makompyuta a kampani yakunja, choncho musaikemo maina, manambala a foni, mudzi kapena mbiri ya matenda a munthu. Yambani mwachotsa zonse zomuzindikiritsa, muike nambala m'malo mwa dzina.

Aphunzitsi okuyang'anirani muwauze mmene mwagwiritsira ntchito makinawa, ndipo mufunse malamulo a dipatimenti yanu musanayambe. Magazini ya sayansi ya Nature inanena mu 2023 kuti makina otere sangalembedwe ngati mlembi wa nkhani, chifukwa sangayankhe mlandu pa zimene zalembedwa, komanso kuti amene wawagwiritsa ntchito afotokoze m'nkhani yake. Kuti mudzathe kufotokoza bwino, khalani ndi kope lolembamo tsiku, dzina la makina ndi funso limene munafunsa. M'kope lomwelo muzikonzeramo funso lanu musanayatse data, kuti bandulo isathere pa kuganiza chofunsa, ndiponso kuti magetsi akazima kapena netiweki ikavuta mudzayambire pamene munalekezera.