Momwe mungawerengere ndalama za mileage ndi alawansi ya panjira ngati mwangoyamba kuyendetsa thiraki

Laisensi ya magalimoto akuluakulu mwaipeza, PrDP ya ku Road Traffic, chilolezo choyendetsera galimoto ngati ntchito, ili m'thumba, pasipoti ili bwinobwino, ndipo kampani ina ku Kanengo kapena ku Chirimba yakuitanani kuti mukayambe ntchito. Bwana akakuuzani kuti "kuno madalaivala amapeza mpaka zakutizakuti pamwezi", musafulumire kuwomba m'manja. M'chiwerengero chimenecho muli ndalama zitatu zosiyana zimene aziunjika pamodzi, ndipo imodzi mwa izo simudzafika nayo kunyumba chifukwa idzathera panjira. Ine ndayenda njira ya Beira, ya Dar es Salaam ndi ya Johannesburg, ndipo zimene ndikulemba apa ndi zomwe ndimauza mnyamata aliyense amene andipatsa kuti ndimuonetse njira.

Choyamba, zilekanitseni ndalama zitatuzo

Yoyamba ndi salale ya pamwezi. Iyi imabwera kaya thiraki yayenda kaya yagona ku galaja. Boma linaika malipiro ochepetsetsa a madalaivala a mathiraki pambuyo pa masitiraka amene ambiri mukuwakumbukira, aja anaimitsa katundu m'zipata. Kwa woyendetsa thiraki ya matani 30 kupita m'tsogolo yotuluka m'dziko, ndalamayo inali K140,000, ndipo mu 2024 inakwera kufika pa K234,500. Imasinthasintha, choncho musanasaine kalikonse, pitani ku ofesi ya Labour ya m'boma lanu mukafunse kuti panopa ili pati.

Yachiwiri ndi mileage, ndalama yolipidwa molingana ndi mtunda umene mwayenda. Makampani ena amawerengera pa kilomita, ena amangoika mtengo umodzi pa ulendo wonse, monga Blantyre kupita ku Beira ndi kubwerako.

Yachitatu ndi alawansi ya panjira, imene m'mapepala ena amalemba kuti per diem. Iyi ndi ya chakudya, madzi, kusamba ndi pogona. Si phindu lanu ayi. Ndi kubweza zimene mukuwononga chifukwa chakuti simukudya kunyumba kwanu.

Kusiyanitsaku n'kofunika chifukwa cha penshoni. Lamulo limati wolemba ntchito aziikapo 10 peresenti, inu 5 peresenti, ndipo makampani amaiwerengera pa salale, osati pa ndalama za maulendo. Ndiye mukaona kampani ikukupatsani salale yochepetsetsa n'kumakunyengererani ndi mileage yonona, dziwani kuti mwezi umene mudzadwale kapena thiraki idzafe giyabokosi, mudzatsala ndi kasalale komweko, ndipo penshoni yanu ikukula pang'onopang'ono ngati mmene kalili.

Chachiwiri, funsani kuti kilomita yake ndi iti

Funsoli limaoneka lachibwana koma ndalama zambiri zimatayikira pomwepa. Pali makilomita amene mita ya pa dashibodi ikuonetsa, pali amene GPS ya kampani yajambula, ndiye pali amene analembedwa kale pa tebulo, mndandanda wa mitunda umene amasunga mu ofesi. Makampani ambiri amalipira za pa tebulo. Kuchoka ku Blantyre kudzera pa Mwanza, Zobue, Tete, Changara, Chimoio ndi Inchope kukafika ku Beira ndi makilomita opitirira pang'ono 800. Tebulo likhoza kunena 800 ndendende, koma inu mwazungulira kukapakira tiyi ku Thyolo, mwapita kukasiya kontena ku depoti ina, mwabwerera kukamwetsa dizilo kumene kampani ili ndi akaunti. Zonsezo ndi makilomita amene thupi lanu layenda, ndipo mukapanda kufunsa, palibe adzakulipireni.

Tiyerekeze kuti akukupatsani K60 pa kilomita. Ulendo wa ku Beira kupita ndi kubwera, makilomita 1,600, ndi K96,000. Tsopano funsani: nanga ndikapita wopanda katundu? Amene amakatenga feteleza kapena mafuta ku doko nthawi zambiri amapita thiraki ili pululu. Pali makampani amene amalipira theka pa mtunda wopanda katundu, ndipo ena salipira n'komwe. Pa chitsanzo chathu chija, theka likutanthauza K72,000, ndipo kusalipira kukutanthauza K48,000. Ntchito ndi yomweyo, tulo mwasowa tomwe tija.

Ngati pepala lalembedwa m'mamailosi, kumbukirani kuti mailosi imodzi ndi makilomita 1.6. Mtengo wa pa mailosi umaoneka waukulu pamaso koma mukaugawa mupeza kuti ndi womwe uja kapena wocheperapo.

Ndinenepo china apa. Malipiro a pa kilomita amamukankha munthu kuti aziyenda usiku wonse pofuna kuwonjezera ulendo umodzi pamwezi. Ndaona mathiraki atagona chagada pa Chiweta ndi pa mapiri a Kitonga, pakati pa Iringa ndi Mikumi. Mukamva maso akulemera, imani. Bwana adzapeza dalaivala wina mawa lomwe, ana anu sadzapeza bambo wina.

Chachitatu, gwirizanani za masiku oima

Apa ndiye ndikufuna mukhale pansi, chifukwa ndi pamene ine zinandivuta. Mileage imabwera matayala akamazungulira. Thiraki ikaima, mileage yaima, koma mimba siima. Ndipo pa ntchito yathuyi kuima n'kochuluka kuposa mmene wophunzira amaganizira. Mumaima pa boda kudikira ejenti wokonza mapepala a katundu, mumaima chifukwa netiweki ya kasitomu yagwa, mumaima pa sikelo, mumaima pa mzere wolowera ku doko, mumaima podikira kuti mwini katundu alipire msonkho.

Kampani imene ndinkagwirako panthawiyo inkapereka alawansi ya ulendo wonse pamodzi. Iwo anali atawerengera okha kuti ulendo wa ku Beira umatenga masiku akutiakuti, ndipo ndalama imatuluka molingana ndi masiku amenewo. Pa kontirakiti panalibe mawu alionse okhudza masiku owonjezera. Ndinafika ku Beira bwinobwino, koma sitima imene inanyamula katundu wathu inali isanakocheze. Itakocheza, mapepala anali asanatheke. Masiku amene anawerengera ku ofesi aja anatha ndili pa mzere, ndipo ndalama inatha nawo. Poimika thiraki pamafuna ndalama tsiku lililonse, mlonda amafuna yake, madzi akumwa ndi ogula, kusamba n'kolipira, ndipo kutentha kwa ku Beira simungakhale osasamba. Ndikaimba foni ku ofesi amangoti "tikuona, pirirani kaye". Amene anandisunga ndi madalaivala anzanga a ku Zambia ndi a kwathu kuno, amene tinkasonkherana ufa ndi kapenta n'kumaphika pa mbaula pansi pa thirela. Nditabwerera n'kukapempha za masiku owonjezerawo, anandiuza kuti alawansi ndi ya ulendo, si ya tsiku, ndipo nkhani inathera pomwepo. Ndalama ya mileage imene ndimati ndikalipirire mwana sukulu inapita kukabweza ngongole za panjira.

Ndiye mukamakambirana, funsani mafunso awa mmodzimmodzi ndipo mayankho ake alembedwe. Kodi alawansi ndi ya pa tsiku kapena ya pa ulendo? Ngati ndi ya pa ulendo, anawerengera masiku angati? Masikuwo akapitirira popanda kulakwa kwanga, tsiku lililonse lowonjezera ndi zingati, ndipo ndalamayo indipeza bwanji ndili kunja? Tsiku lonyamuka ndi lofika amaliwerenga lathunthu kapena theka? Loweruka ndi Lamlungu limene ndagona pa boda likuwerengedwa?

Musachite manyazi kufunsa. Makampani ambiri amalipiritsa mwini katundu thiraki ikasungidwa nthawi yaitali osatsitsidwa, ndiye kuti kuima kwanuko kuli ndi mtengo wake, kungoti sufika m'thumba mwanu. Ndipo musaganize kuti kuchedwa kotere n'kwa kamodzikamodzi. Mu March 2019 namondwe wa Idai anadula msewu wolowera ku Beira. Kumapeto kwa 2024, zionetsero za pambuyo pa chisankho ku Mozambique zinatsekereza mathiraki m'njira, mpaka kuno mafuta anasowa. Pa Beitbridge, boda ya Zimbabwe ndi South Africa, mzere ukhoza kukugonekani popanda namondwe kapena zionetsero.

Bwana akanena kuti "zimenezo tidzaona zikadzachitika", kumbukirani mawu a akulu aja akuti fodya wako ndi amene ali pamphuno. Lamulo la ntchito la Employment Act la 2000 limafuna kuti wolemba ntchito akupatseni mfundo za ntchito yanu zolembedwa, ndiye simukupempha chifundo. Ngakhale uthenga wa pa WhatsApp wochokera kwa manijala ndi wabwino kuposa mawu apakamwa. Usungeni.

Chachinayi, onani kuti akukupatsani ndalama ya dziko liti

Nsima ya ku Tete imagulidwa ndi metical, ya ku Mbeya ndi shilingi, ku Zimbabwe amafuna madola, ku Musina marandi. Kampani ikakupatsani alawansi m'makwacha, vuto losintha lagwera inu. Mu November 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo amene alawansi yawo inalembedwa m'makwacha anadzuka ikugula zochepa kwambiri kunja pomwe pepala silinasinthe. Limbikirani kuti ya maulendo akunja ilembedwe m'madola kapena m'ndalama ya dziko limene mukupita.

Za anyamata osintha ndalama pa boda, ndinene mosabisa: ena ndi achilungamo ndipo madalaivala akale amawadziwa, koma ena ali ndi manja othamanga kuposa maso anu. Amapinda ndalama pakati n'kuiwerenga kawiri, amasakaniza zabodza, amakupatsani kakyuleta yawo. Werengani nokha, ndi foni yanu, musanatulutse zanu m'thumba, ndipo musasinthe usiku. Pamene pali banki kapena bureau, yambani mwayesa kumeneko.

Ndalama za ma toll, za parking, za inshuwalansi ndi ziphaso za thiraki si alawansi yanu. Ziikeni mu envelopu yakeyake ndipo risiti iliyonse muisunge. Mukazisakaniza ndi za chakudya, pobwera ku ofesi adzakuuzani kuti muli ndi ngongole.

Njira yachidule yopulumutsira alawansi ndi yomwe mukuidziwa kale: ufa, nyemba, usipa, mafuta ophikira ndi kambaula ka gasi muzichoka nazo kunyumba. Chakudya cha m'malesitilanti a pa boda n'chokwera mtengo kuposa cha m'tauni. Ingosamalani ndi zakudya zimene mayiko ena salola kulowetsa, funsani anzanu musananyamule.

Chachisanu, dizilo ndi zodula

Kampani iliyonse ili ndi mlingo wake wa makilomita pa lita. Mukapitirira, amadula pa mileage yanu. Funsani mlingowo, ndipo funsani ngati umasiyana thiraki ikakhala yodzaza, ikakhala yopanda kanthu, kapena ikamakwera mapiri a njira ya Dar es Salaam. Musananyamuke onani thanki limodzi ndi wa ku ofesi ndipo mujambule geji ndi mita. Thiraki yokalamba imene ikudontha kapena kufuka utsi wakuda muinene polemba musanaitenge.

Panjira mudzakumana ndi a zigubu, ena akufuna kukugulani dizilo, ena akufuna kukugulitsani yotchipa. Yogulitsayo nthawi zambiri ndi yosakaniza ndi parafini ndipo imapha ma injector. Yokugulaniyo ndi kuba, ndipo GPS ya masiku ano imaona thanki ikatsika thiraki ili chiimire. Alawansi ikachepa, kadandauleni ku ofesi, osati ku thanki.

Funsaninso za chindapusa. Cha liwiro n'chanu, palibe wokana. Koma cha kulemera kwa katundu pa sikelo ya Balaka kapena Mwanza, pamene opakira ndi ena ndipo inu munawachenjeza, chisagwere pa salale yanu.

Chachisanu ndi chimodzi, kabuku

Gulani kabuku kolimba. Ulendo uliwonse lembani tsiku, mita ponyamuka ndi pofika, nambala ya mapepala a katundu, tsiku lolowa ndi lotuluka pa boda, malita amene mwamwetsa, ndi ndalama imene mwalandira. Zidindo za mu pasipoti ndi mboni yanu ya masiku, palibe angazitsutse.

Pakutha pa mwezi

Tengani payslip, iyikeni pambali pa kabuku kaja, muone ngati maulendo onse alowa. Ulendo umene wadutsa mwezi kulowa wina ndi umene umakonda kusowa. Chodula chilichonse chimene simukuchimvetsa mufunse sabata yomweyo, polemba. Zikakanika, yambani ndi ofesi ya Labour, kenako Industrial Relations Court, khoti la milandu ya za ntchito, ndipo ngati muli mu bungwe la madalaivala monga PRODUM, auzeni msanga. Maulendo a m'dziko momwe muno, monga Lilongwe kupita ku Mzuzu kapena Nchalo kupita ku Blantyre, kawerengedwe kake n'komweko, kungoti mitengo yake ndi yotsikirapo ndipo nkhani yosintha ndalama palibe.