Kutumizirana ntchito ya Git pamene netiweki ikuvuta

Ine ndimakhala ku Ulongué, m'chigawo cha Tete ku Mozambique. Mnzanga amene tikulemba naye pulogalamu yowerengera matumba a mbatatesi za alimi amakhala mumzinda wa Tete. Kwathu kuno netiweki imati ikabwera m'mawa, masana yasowa, ndipo git push, lamulo la Git lotumizira ntchito pa intaneti, limangodukira panjira. Koma ndinaona kuti WhatsApp ndi yoleza mtima: ukaipatsa fayilo imadikira, ikapeza mpata n'kutumiza yokha. Ndiye masiku ano ntchito yathu imayenda pa WhatsApp kapena pa fulashi.

Git, pulogalamu yosunga mbiri ya zosintha pa mafayilo imene Linus Torvalds anayamba kulemba mu 2005, ili ndi lamulo lotchedwa git bundle. Limamanga makomiti anu (zosintha zimene mwasunga mu Git ndi git commit) m'fayilo imodzi ngati mtolo wa nkhuni, wina n'kukaumasula kwake.

Ulendo woyamba mangani zonse:

git bundle create zonse.bundle main
git tag watumizidwa main

Mnzanuyo akalandira alembe git clone -b main zonse.bundle. Mawu akuti main ndi dzina la nthambi yaikulu ya ntchito yanu, ndipo tagi ija, watumizidwa, ndi chikhomo chosonyeza pamene mwalekezera kutumiza.

Zikatha apo musamatumizenso zonse, mungamalize ma megabayiti pachabe. Tsegulani fayilo yatsopano, muitche git-tumiza, mulembemo izi:

#!/bin/sh
set -e
git diff --quiet HEAD
git bundle create "$1.bundle" watumizidwa..main
git tag -f watumizidwa main

Lembani chmod +x git-tumiza kuti fayiloyo izigwira ntchito ngati pulogalamu, kenako ikani fayiloyo mufoda imene ili pa PATH, mndandanda wa mafoda amene kompyuta imafunamo malamulo. Chimene chimandisangalatsa n'chakuti Git ikaona pulogalamu yoyamba ndi git- pa PATH, imaitenga ngati lamulo lake. Mukangolemba git tumiza lachiwiri, mwapeza lachiwiri.bundle, yokhala ndi zatsopano zokhazokha.

Mzere wachitatu uja musauchotse, chonde. Ndinauwonjezera nditapsa nazo. Tsiku lina ndinakonza cholakwika pa kawerengedwe ka ma metikali, ndinatumiza mtolo, mnzanga n'kupita nawo kukaonetsa alimi, koma cholakwikacho chinali chikadalipo. Chifukwa chake ndinali ndisanachite git commit, ndipo bundle imanyamula zokhazo zimene zalowa mu komiti. Zinandipweteka kwambiri, poti anthu aja anasiya ntchito kumunda kuti abwere kudzaona. Tsopano skripiti ya git-tumiza ija ikapeza zosintha zosasungidwa imaima pomwepo. Dziwani kuti fayilo yatsopano imene simunaichitepo git add mzerewu suiona, choncho yambani mwayang'ana git status, imene imaonetsa mafayilo osinthidwa ndi atsopano.

Nayo set -e ili ndi ntchito yake: imaimitsa skripiti lamulo lina likalephera. Mtolo ukalephera kumangika, chikhomo chija chisasunthe, apo ayi mudzaganiza kuti munatumiza zinthu zimene sizinachoke n'komwe. Ngati palibe chatsopano, Git imakana kupanga mtolo wopanda kanthu, skripiti n'kuthera pomwepo.

Wolandira ali ndi mizere iwiri yokha:

git bundle verify lachiwiri.bundle
git pull lachiwiri.bundle main

Woyambawo umamuuza ngati ali ndi makomiti akale amene mtolowo ukudalira. Ukadandaula, ndiye kuti pali mtolo wina umene anadumpha. N'chifukwa chake ine sindifufuta mitolo yakale mpaka mnzanga atandiyankha kuti walandira ndipo yalowa. Pa WhatsApp muitumize ngati dokumenti, ndipo mapasiwedi asamalowe mu komiti, poti foni zimabwerekedwa.