Barleria repens, kachitsamba kotseka malo amene kapinga akukana

Amene mumagwira za m'gadeni ku Joni ndi ku Durban vutoli mukulidziwa, pansi pa mitengo kapena pakamtunda kapinga samera bwino, bwana nkumangoti thirirani thirirani kwinaku bilu ya madzi ikukwera. Pamalo ngati amenewo dzalanipo Barleria repens, ku nazale amati small bush violet. Ndi kachitsamba ka konkuno, kamamera kokha m'tchire la m'mbali mwa nyanja ku KwaZulu-Natal mpaka ku Mozambique, kamayanga pansi osapitirira m'mawondo, masamba owala, maluwa ofiirira ena apepo.

Osawonongetsa bwana ndalama pa mapoti 30 ayi. Gulani atatu anayi, zinazo muchulukitsa nokha. Dulani nthambi zanthete zotalika masentimita 10 mpaka 15, thotholani masamba am'munsi, zikani mu mchenga wosakaniza ndi kompositi pamthunzi, dothi lizikhala lonyowa koma lisachite matope. Masabata ochepa mizu yatuluka. Njira ina yomwe ine ndimaikonda, nthambi ikagunda pansi imagwira mizu yokha ndiye ingoikwirirani pakati nkutsamiza kamwala, ikagwira mudule mukadzale kwina.

Dzalani mvula ikayamba, cha mu Okutobala kapena Novembala, motalikana theka la mita, dzenje lililonse manja awiri a kompositi. Miyezi yoyambayi ndiye pali ntchito, udzu umapikisana nako kwambiri, zulani ndi manja osati khasu chifukwa mudula tinthambi tomwe tikugwira mizu, ndipo phimbirani mipata ndi masamba ouma. Kakatsekana basi, kuthirira mwa apo ndi apo. Pamthunzi wa bii sikachita maluwa ambiri, kamafuna kadzuwa ndithu olo ka m'mawa.

Koma musakasiye kokha. Kakapeza chitsamba china pafupi kamakwera, komanso timakoko ta njere tikauma timaphulika nkumwaza njere patali, chaka chamawa mupeza tamera m'mabedi ena. Maluwa akatha cha mu Epulo kapena Meyi kametani ndi sheyala kuti kakhale kothithikana.

A ku Joni samalani ndi chisanu cha Juni ndi Julayi, chimawaula masamba. Dzalani kufupi ndi khoma kapena pansi pa mitengo, ndipo zowaukazo musathamangire kudula, zimateteza zam'munsi, dikirani Seputembala mukaona kayamba kuphukira.