Mukapita ku Cedar Point, yambirani kumapeto

Kwa amene mukukonza zopita ku Cedar Point, paki ya zosangalatsa ija ya ku Sandusky, Ohio, m'mphepete mwa nyanja ya Erie: zipata zikangotsegulidwa musaime pa roller coaster (kasitima kosangalatsa kothamanga pa njanji zokwera ndi kutsika) yoyamba imene mwaiona. Pitirirani mpaka kumapeto kwa paki, kumene kuli ma roller coaster a Steel Vengeance ndi Maverick, chifukwa dzuwa likafika paliwombo mizere yake imakhala yosayamba. Steel Vengeance inatsegulidwa mu 2018 atamanga njanji zachitsulo pa mitengo ya Mean Streak, roller coaster yakale yamatabwa. Salola foni kapena makiyi m'thumba, choncho zisiyeni mu loka.

Chachiwiri ndi mphepo. Pakiyi ili pa kamtunda kolowa m'nyanja, ndipo mphepo ikakula zazitali amaziimitsa. Kukacha bata, musazengereze ndi Millennium Force. Ndi ya mu 2000, yotalika mamita 94, ndipo imathamanga pafupifupi makilomita 150 pa ola. Mukamakwera pang'onopang'ono nyanja yonse imaoneka pambali panu, ngati muli ndi mtima wotsegula maso.

Ngati ndinu amantha, yambani ndi Blue Streak yamatabwa, ya mu 1964, yomwe ndi yakale kuposa zonse zimene zikugwira ntchito pamalopo. Ineyo ndimaikonda kugwedeza kwake. Malowa ndi akale ndithu: anthu anayamba kudzasambako m'nyanja mu 1870, ndipo roller coaster yoyamba inabwera mu 1892.

Nthawi yozizira ya kumeneko amatseka. Amatsegula mu May, ndipo m'kati mwa sabata anthu amachepako. Tengani juzi ngakhale kukutentha, madzulo kamphepo ka kunyanja kamalasa.