Mankhwala otsukira paipi ya mfuti akawononga thabwa, konzani chonchi

Mfuti yomwe ndimasunga inali ya malemu bambo anga, ndi .303 ija ya Lee-Enfield, mtundu womwe asilikali a KAR ankanyamula, ndipo zamapepala zitatheka kuti ikhale mdzina langa chinthu choyamba chomwe ndinafuna ndi kutsuka mkati mwa paipi poti inali itakhala zaka osaigwira munthu. Ndinanyowetsa kansalu ndi mankhwala a amoniya nkumakankha ndi ndodo kuchokera kumbuyo, osadziwa kuti madontho ena akutsetsereka pachitsulo mpaka kukafika pathabwa, malo aja timagwira ndi dzanja lamanja. Kutacha ndinapeza mzere wakuda kutalika ngati chala, mmbali mwake muli mbuu, ukagwira pakumata. Mtima unandiwawa abale, thabwa lomwe bambo analisamala moyo wawo onse ine kuliwononga usiku umodzi.

Chomwe muyenera kumvetsa nchakuti mankhwala amenewa anawapangira kusungunula zinthu, mwaye wa onga ndi kopa yemwe chipolopolo chimasiya chikamadutsa. Ena monga Sweet's 7.62 ndi Barnes CR-10 ali ndi amoniya wamphamvu chifukwa iyeyo ndi amene amadya kopa. Hoppe's No. 9 yomwe yakhala ilipo kuyambira 1903 ndi yofatsirapo koma muli parafini ndi alcohol, ndiye pa shellac, mtundu wina wa vanishi wopaka pathabwa, nayonso imasiya chizindikiro. Zopopera zija ngati brake cleaner ndiye musaziyandikitse nkomwe kuthabwa, zimayamwa mafuta onse pompo. Kuda kuja kumabwera chifukwa mtengo wa walnut, womwe amapangira mathabwa a mfuti zambiri, uli ndi tanini, mankhwala achilengedwe a mumtengo, amoniya akakumana naye mtengo umasintha mtundu mkati mwenimweni, si pamwamba pokha.

Musanayambe chilichonse chotsani magazini, kabokosi kaja ka zipolopolo, tsegulani boti, chitsulo chija chimakankhira chipolopolo mpaipi, muone ndi maso komanso mupise chala kuti mulibe chipolopolo, kenako masulani thabwa lisiyane ndi chitsulo. Ngati mankhwala angodonthera kumene pukutani msangamsanga ndi nsalu youma, kenako nsalu yonyowetsa ndi madzi osakaniza viniga pang'ono kuti amoniya athe mphamvu, muumitse pamthunzi osati padzuwa.

Apa ndi pomwe ambiri timalakwitsa, timathamangira sandipepa tisanadziwe kuti thabwalo analipaka chani. Pezani malo obisika, mwina pansi pachitsulo chakuthako kwa mfuti kapena mkati momwe mumagona paipi, mudonthezepo kadontho ka spiriti. Pakafewa nkuyamba kumata patangopita masekondi, ameneyo ndi shellac, ngati uja wa pa Mosin-Nagant za ku Russia. Spiriti akapanda kuchita kanthu koma thinner nkupafewetsa, ndi vanishi wotchedwa lacquer. Zonse ziwiri zikalephera ndipo thabwa likuwala ngati galasi ndiye kuti ndi polyurethane, vanishi wa mfuti zamakono. Koma ngati palibe chikhungu chilichonse pamwamba, ukagwira ukumva mtengo weniweni, ndi mafuta a linseed, ndipo Lee-Enfield zinkatuluka choncho.

Kwa ine thabwa la mafuta ndi lomwe limakonzeka bwino kuposa onse, bola kudekha. Tengani sitiliwulu wa nambala 0000, osati uja wokwechera mapoto chonde, ameneyo ndi wokhakhala asiya mikwingwirima yomwe mudzalimbane nayo mwezi wathunthu. Mumunyowetse pang'ono ndi mafuta a linseed aja amalembedwa boiled linseed pabotolo nkumapukuta pamalo owonongekapo motsata mizere ya mtengo, osadutsa chopingasa, mupitirire pang'ono mmbali kuti pasaoneke malire. Mbuu uja amachoka pomwepo. Mzere wakuda ndi umene umavuta, wanga ndinachita kuupala ndi sandipepa wa 400 kenako 600 nditamunyowetsa mafuta omwewo, ndipo phala labulauni lomwe limapangika musalitaye, likhutizeni ndi chala mtimabowo ta mtengo chifukwa limatseka bwino komanso mtundu wake ndi wa thabwa lomwelo. Musapale kwambiri mpaka kukumba dzenje, ndipo pomwe pali zidindo ndi manambala a kufakitale osafikapo ayi, pamfuti yakale zimenezo ndiye mbiri yake ndipo zikafufutika sizibwerera.

Mukatero nkumapaka mafuta tsopano. Madontho awiri atatu pachikhatho basi, tikitani mpaka dzanja litenthe, dikirani mphindi 20 kenako pukutani onse otsala pamwamba ndi nsalu yoyera mpaka paume. Mukasiya ambiri amauma ngati ulimbo ndipo mudzayambiranso. Dikirani maola 24 musanapakenso, nthawi ya mvula ngakhale masiku awiri chifukwa chinyezi chimachedwetsa, ine ndinapaka ka 8 kuti pafanane ndi kwinaku. Ena amakonda Tru-Oil wa Birchwood Casey poti amauma msanga, ndi wabwino ndithu pamfuti zosakira zomwe zimawala kale, koma pamfuti ya usilikali amaonetsa chigamba chonyezimira ndiye ineyo sindingamuike pamenepo.

Shellac ubwino wake ndi woti watsopano amasungunukirana ndi wakale. Nyowetsani kansalu kofewa ndi spiriti pang'ono kwambiri, mudutse pamalopo kamodzi kapena kawiri mopepuka kuti wakale uja afalikirenso, akauma muonjezere shellac wopyapyala kawiri katatu. Lacquer naye amatheka chimodzimodzi ndi thinner wake koma amafuna dzanja lozolowera. Polyurethane ndiye wamakani, salola kusungunukirana, ngati pangochita chifunga yesani polishi wa galimoto wosalala uja, koma akatuwa nkuyamba kusupuka palibe chidule, muyenera kuchotsa yense nkupaka thabwa lonse mwatsopano.

Palinso vuto lina lomwe limabwera mwakachetechete. Tikatsuka timaimika mfuti mkona paipi kuyang'ana kumwamba, ndiye mankhwala ndi oilo otsalira amatsikira pansi pang'onopang'ono nkumalowa mumtengo pomwe wakumana ndi chitsulo, pakapita zaka pamada bii nkufewa ndipo ndi pomwe thabwa limayambira kung'aluka mfuti ikamakankha phewa. Kuti muwatulutse sakanizani ufa wa choko ndi acetone, mankhwala osungunula mafuta, zikhale ngati phala, matani pamalopo, zikauma muona ufa uja wasanduka wachikasu, sasani ndi mswachi wakale nkubwereza mpaka uzituluka woyera. Chitirani panja, kutali ndi mbaula kapena ndudu. Mswachi womwewo ndi umene mugwiritse potsuka mmizere yocheka ija ya pogwirira, sandipepa asafikemo.

Masiku ano ndikamatsuka ndimagoneka mfuti kukamwa kwa paipi kutapendekera pansi kuti chilichonse chodontha chizitulukira kutsogolo, ndimalowetsa bore guide, kachubu kotsogolera ndodo, mmalo mwa boti kuti ndodo isamwaze mankhwala, ndipo thabwa ndimalikulunga ndi pepala la pulasitiki ndi chiguduli pamwamba pake. Amoniya sindimusiya mpaipi kupyola mphindi zomwe zalembedwa pabotolo, ndipo manja ndimapukuta ndisanagwire thabwa chifukwa zala zonyowa nazo zimasiya zidindo. Usiku woyamba ikatsukidwa imagona chozondoka, paipi pansi pakansalu.

Nsalu zomwe mwapukutira linseed musaziunjike pamodzi kapena kuziponya mubini zili chofinyafinya, mafutawa akamauma amatulutsa kutentha ndipo mulu wa ziguduli utha kuyaka wokha popanda machesi. Ziyanikeni panja chotambasula pa simenti mpaka ziume gwa, kapena muziviike mchitini cha madzi.